Kodi wolemba bukuli anakhalapo mwana?

Loweruka lapitali ndili pakhonde kusenda chinangwa, mdzukulu wanga wa zaka 9 anandipeza atanyamula buku la Charlie and the Chocolate Factory lomwe amayi ake anamugulira pamsika, pamene amayala mabuku akale pansi. Tsamba lomaliza mbewa zinali zitalawako. Analoza dzina la pachikuto n'kundifunsa kuti, "Agogo, kodi Roald Dahl ameneyu anakhalapo mwana, kapena anabadwa ali wamkulu kale?"

Ndinaseka mpaka mpeni kugwa pansi, komabe funsolo landikhala m'mutu sabata yonse. Ana athu ambiri amaganiza kuti mabuku amalembedwa ndi anthu amtundu wina, oti sanakwapulidwepo kusukulu ndipo sanadwalepo chimfine. Dzina la pachikuto amaliona ngati chizindikiro cha kampani pa paketi ya shuga. N'chifukwa chake ndimati mwana akakonda buku, tizimuuzanso mbiri ya amene analilemba.

Ndinamufotokozera mdzukuluyo kuti Dahl anabadwa mu 1916 ku Wales, makolo ake ali ochokera ku Norway, ndipo bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Ali wamng'ono, iye ndi anzake anaika mbewa yakufa m'botolo la maswiti m'sitolo ina, ndipo mphunzitsi wamkulu anawakwapula zolimba. Atapita kusukulu yogonera komweko ya Repton, kampani ya Cadbury inkatumiza mabokosi a chokoleti chatsopano kuti anyamata alawe n'kunena chomwe chawakomera. Zonsezi anazilemba yekha m'buku la Boy lomwe linatuluka mu 1984. M'buku lotsatira la Going Solo la mu 1986 anasimba za ntchito yake ku kampani ya Shell ku Dar es Salaam, ndi momwe ndege yake yankhondo inagwera m'chipululu cha kumpoto kwa Africa mu 1940.

Mwanayo anatong'ola maso. "Ndiye fakitale ya chokoleti ija anaitola kusukulu?" Apo m'pamene ndinadziwa kuti chingwe chalumikizika. Anali atazindikira kuti nkhani imamera pa zinthu zimene munthu waziona ndi maso ake.

Mukatsata mbiri za olemba mabuku a ana, mupeza kuti nkhani zotchuka zingapo zinayambira pamphasa ya mwana wodwala. Mu 1893 Beatrix Potter wa ku England analembera kalata kamnyamata kena kodwala, mwana wa mayi amene anali mphunzitsi wake wapakhomo. Posowa chomuuza, anamujambulira akalulu anayi ndi amayi awo. Osindikiza mabuku angapo anaikana nkhaniyo, ndiye mu 1901 anadzisindikizira yekha makope 250 ndi ndalama zake. Chaka chotsatira kampani ya Frederick Warne inaitenga, ndipo nkhaniyi, ya kalulu Peter Rabbit, ikuwerengedwabe mpaka lero.

Ku Sweden nakonso, mu 1941 mwana wamkazi wa Astrid Lindgren anagona ndi chibayo, n'kupempha amayi ake kuti amusimbire za Pippi Longstocking, dzina lomwe mwanayo anangolipeka pomwepo. Mayiyo anasimba usiku ndi usiku. Mu 1944 anaterereka pa madzi oundana n'kubinya phazi, ndipo ali chigonere m'pamene anayamba kuilemba nkhaniyo papepala. Bukulo linatuluka mu 1945. Kodi izi zikusiyana pati ndi agogo athu aja amene ankatisonkhanitsa pamoto madzulo kutisimbira za Kalulu ndi Fisi? Kusiyana kwake n'kwakuti ena anatenga cholembera.

Mwana wa kwa osauka amafunikanso kumva za Hans Christian Andersen, wobadwa mu 1805 ku Odense m'dziko la Denmark. Bambo ake anali osoka nsapato, amayi ake ankachapira anthu zovala, ndipo iye anapita yekha ku Copenhagen ali ndi zaka 14 kukasaka mwayi. Mwana akadziwa zimenezi, nthano ya Andersen ya kabakha konyansa komwe anzake ankakajompha amaimva ndi makutu ena.

Chenjezo langa kwa olemba mbiri zotere ndi limodzi: musawadzoze mafuta anthuwa mpaka kusanduka angelo. Dahl yemweyu ananenapo mawu achipongwe okhudza Ayuda, moti mu 2020 banja lake linapepesa poyera. Mwana wa zaka 9 sitingamusenzetse zonse, koma akafika ku sekondale ayenera kudziwa kuti munthu akhoza kukhala waluso pa cholembera n'kulakwa pakamwa. Mbiri yonama imaphunzitsa mwana kupembedza anthu, pomwe yoona imamuphunzitsa kuganiza.

Chimene chikundiwawa ndi cha kuno kwathu. Ambiri a ife tinawerenga Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, ndi Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku lomwe linapata mphoto mu 1933 n'kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Steve Chimombo, amene anatisiya mu 2015, analemberanso ana mabuku, kuphatikizapo The Bird Boy's Song. Funsani mwana wa Sitandade 6 kuti anthu amenewa ankasewera masewera anji ali ana, ankayenda mtunda wotani popita kusukulu, anayamba bwanji kulemba. Akuyang'anani ngati mwalankhula Chigiriki. Chikhalirecho mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu inalembedwa m'mabuku osiyanasiyana, lina la akulu, lina la zithunzi la ana aang'ono, ndipo ana a maiko akutali amamudziwa. Timabuku ta mbiri ya olemba athu aja, ta masamba 20, ta m'Chichewa, tokhala ndi zithunzi, tingakwanire. Ana a olembawa, ophunzira awo ndi anzawo ogwira nawo ntchito ena akadali moyo, ndipo tikazengereza apita nazo kumanda. Paja madzi akatayika saoleka.

Dzulo mdzukulu uja anabweranso pakhonde, ulendo uno ali ndi kope lake la masamu atalitembenuza chakumbuyo, pensulo ili kukamwa. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Agogo, tiyambire pa tsiku lomwe munakwapulidwa koyamba." Ndinaika chinangwa pambali n'kuyamba kuulula.