NKHANI ZA MABALANE: Hita Ikauzira Chisanu, Yang'anani Madzi

 Sabata ino ndifuna tikambe za galimoto, pakuti ambiri a inu mumasunga ndalama zaka ndi zaka kuti tsiku lina mukalowe m'mudzi mukuyendetsa yanuyanu. Ine sindine makanika ai, ndine kalaliki chabe, ndipo sukulu yanga inathera ku mishoni. Koma chimene ndinaona ndi maso anga ndikuuzani.

Pa 10 July 2023 chipale chofewa chinagwa mu Johannesburg, ndipo anthu anaima m'misewu kuchizizwa. Loweruka la sabata lomwelo amalume anga, amene amagwira ntchito pansi pa mgodi, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Fourways kukatenga pikapu yakale imene anagula kwa munthu wina. Fourways ndi kumpoto kwa mzinda, pa mphambano ya Witkoppen Road ndi msewu umene masiku amenewo unkatchedwa William Nicol Drive, lero Winnie Mandela Drive. Makalata ndinawerenga ine, ndalama tinalipira, ndipo tinanyamuka dzuwa litapendeka.

Tisanapite patali chisanu chinatilowa m'mafupa. Amalume anapotoza kabatani mpaka pofiira, fani inalira ndithu, koma mphepo yake inali ngati yochokera mufiriji. Galasi la kutsogolo linachita nthunzi, msewu osaoneka. Tinapatukira pa galaja ina. Mnyamata wa pamenepo, osatsegula n'komwe boneti, anati hita yonse yafa, afunika kuchotsa dashibodi. Mtengo umene anatchula unali malipiro a amalume a sabata ziwiri. Amalume anati, "Mphwanga, tiyeni tizipita, tifunda mabulangete. Kwathu hita ndi ya chiyani?"

Mwayi wathu, pafupi pomwepo panali madala ena a kwathu ku Dedza, okhala ku Diepsloot, amene akonza galimoto zaka zambiri. Atamva Chichewa anasendera, nati, "Achimwene, musayende. Iyambe yazizira injiniyo." Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Atatsegula chivundikiro cha rediyeta, madzi sanaoneke. Paipi ina inali kudontha pa chomangira chake.

Tsono mverani chimene anatiphunzitsa. Hita ya galimoto iribe moto wakewake. Ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Madzi otentha a mu injini amalowa m'menemo pa paipi imodzi ndi kutuluka pa ina, ndipo fani imakankha mphepo kudutsa pamenepo. Madzi otentha akapanda kufika, fani idzalira tsiku lonse koma idzakupatsani chisanu chokhachokha. Kotero hita yozizira kawirikawiri imanena za madzi a injini. Inu a pansi mudziwa kuti kamwala kakagwa kuchokera kudenga simumati n'kakang'ono, mumayamba mwagogoda mwala wonse. Ndi momwemonso pano.

Choyamba, yang'anani madzi, injini itazizira. Musatsegule chivundikiro pamene iri yotentha. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri 94, osadikira 100 ai. Chivundikiro ndicho chimawapanikiza kuti asawire, ndipo mukachitsegula amatumphuka ndi kukupsereza nkhope ndi manja. Madzi akachepa, funani pamene akuthawira: pa mapaipi, pa rediyeta, kapena pa pampu ya madzi. Gwirani kapeti ya kumapazi kutsogolo. Ikakhala yonyowa, ndipo m'galimoto mukununkha kafungo kotsekemera, ndiye kuti karediyeta ka hita kabooka.

Chachiwiri, mpweya. Mukathira madzi atsopano, mpweya umatsala m'mapaipi ndi kutseka njira, ndipo nthawi zina mumamva kukhuluma kuseri kwa dashibodi. Imikani galimoto mutu wake uli kumtunda, kabatani kakhale pofiira, lizani injini yozizira chivundikiro chiri chotsegula, ndipo onjezani madzi pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka. Galimoto zina ziri ndi kasikulu kake kotulutsira mpweya.

Chachitatu, yang'anani geji ya kutentha. Mukayenda mphindi 15 singano iri pansi, kayikirani thermostat. Aka ndi kachitseko kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka atatentha, ndipo pa galimoto zambiri kamatseguka pakati pa madigiri 80 ndi 90. Kakafa kali kotsegula, injini sitentha mokwanira, hita imangofunda pang'ono, ndipo petulo amapita wambiri. Anthu ena amakachotseratu poganiza kuti akuthandiza injini. Kumeneko ndi kulakwa. Koma singano ikakwera kufiira pamene hita ikuuzira chisanu, imani pomwepo, zimitsani injini. Madzi atha kapena pampu yafa, ndipo mukakakamira mupsereza gasiketi.

Chachinayi, injini ikatentha bwino gwirani mapaipi awiri aja olowa m'khoma la kuseri kwa injini. Samalani malaya ndi zala, fani ndi malamba zisakukoleni. Paipi imodzi ikatentha ina n'kuzizira, karediyeta katsekeka ndi dzimbiri, kapena valavu yake sikutseguka. Kawirikawiri kamatsukika: chotsani mapaipi onse awiri injini itazizira, ndi kupopera madzi chobwerera mpaka atuluke oyera. Koma onse awiri akatentha, madzi alibe mlandu. Vuto liri pa kachitseko kosakaniza mphepo, kapena pa waya wake wochokera ku kabatani. Apa pokha, ndi pamene karediyeta kabooka, ndi pofunika kuganiza za dashibodi.

Pikapu ya amalume inali ndi matenda awiri. Madzi anali kudontha, ndipo thermostat munalibe, mwini wake wakale anaichotsa. Usiku umenewo madala aja anamanga paipi, tinathira madzi, ndipo tinabwerera pang'onopang'ono pa msewu wa N14 wa ku Krugersdorp, maso ali pa geji. Sabata yotsatira tinagula thermostat, chomangira chatsopano ndi antifreeze. Zonse pamodzi sizinafike malipiro a masiku awiri.

Za antifreeze ndinenepo pang'ono. Ambiri timati ndi ya maiko a chipale, kwathu madzi a pampopi akwana. Si choncho ai. Mankhwala amenewa amaletsa dzimbiri limene limatseka hita, ndiponso amachedwetsa kuwira. Kawirikawiri amasakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera, koma werengani zolembedwa pa botolo. Ndi poizoni, ndipo amatsekemera, kotero musawathire m'botolo la zakumwa pamene pali ana. Ndiponso ndikupemphani, hita ikafa musalowetse mbaula m'galimoto. Mpweya wa makala ulibe fungo, umagoneka munthu osadzukanso.

Taganizirani tsono, abale, amalume akadafunda bulangete lija ndi kuiwala. December akadanyamuka ndi malata, njinga ndi makina osokera, kudutsa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, madzi akudontha dontho limodzilimodzi. Amene munayenda njira imeneyi mukudziwa kutentha kwa ku Tete, ndi mapiri okwera ku Zobue musanafike pa Mwanza. Injini imene inadandaula mu July ikadafera pamenepo, pamodzi ndi thukuta la zaka zonse za pansi. Koma anafika bwino, ndipo lero pikapuyo ikunyamula mbatata kupita ku msika.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pogula galimoto, ngakhale kunja kutenthe bwanji, lizani injini ndi kuyesa hita musanatulutse ndalama. Ikauzira chisanu, funsani chifukwa chake, ndipo munthu wotchula mtengo asanatsegule boneti musamupatse kanthu.

Tsalani bwino mpaka sabata la mawa. Ndine wanu,

Mabalane