Kapitawo alembe dzina, asapemphe thupi

Abale ndi alongo a ku Ulónguè, ku Dómuè, ku Calómuè ndi m'midzi yonse ya m'malire, nkhani ya lero ndi ija timanong'onezana kuchitsime ndi kuchigayo, koma pabwalo la mfumu siifika. Ndi nkhani ya mayi kapena mtsikana amene wapita kukafuna ntchito, wolemba mayina n'kumuuza kuti malo alipo, koma abwere madzulo adzakambirane.

Kuno ku Angónia ntchito za muofesi n'zochepa. Ntchito yathu ndi ganyu: kupalira chimanga, kukumba mbatata ya kachewere, kusoka ndi kusankha fodya, kuphika ndi kuchapa m'nyumba za mabwana ku Ulónguè kapena ku Tete. Pepala losayinirana palibe. Dzina lako lili m'kope la kapitawo, ndipo akalifufuta, zako zada. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitagona, mayi wa ana anayi sakhala ndi mphamvu yokangana ndi munthu wogwira kope limenelo. Kapitawo wadyera amadziwa zimenezi, ndipo ndiyo nyengo imene amaidikira.

Ena afunsa: kodi kufunsira mbeta n'kulakwa? Ayi, sikulakwa. Mnyamata akafunsira, mtsikana n'kukana, aliyense amapita kwawo, palibe wataya kanthu. Koma kukana kukakhala ndi mtengo, chimenecho si chibwenzi. Wakana lero, mawa wapatsidwa ndime yaikulu kuposa anzake. Wakana, masiku ake adulidwa m'kope. Wakana, malipiro ake akuti abwere sabata yamawa, sabata yamawayo osafika. Nthawi zambiri zimayamba pang'onopang'ono: nthabwala za thupi lake pamaso pa anthu, dzanja logwira pamene sipayenera, kutumidwa yekha kunyumba yosungiramo matumba, mauthenga a pafoni pakati pa usiku. Pa Chipwitikizi khalidwe limeneli amalitcha assédio sexual. Mawu awiriwa muwasunge pamtima, chifukwa ndi amene adzalembedwe papepala mukakafika kupolisi.

Musaganize kuti mayi wa ganyu sangamveke. Tamverani za anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje m'dziko la Malawi, amayi othyola tiyi, olankhula chinenero chathu chomwechi. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya kampani ya Eastern Produce Malawi adadandaula kuti akapitawo ndi mabwana ena amawazunza, ena kuwagwirira kumene. Mlandu wawo udakafika kukhoti la ku London, chifukwa eni kampaniyo, a Camellia, ali ku Britain. Mu Febuluwale 2021 eni akewo, ngakhale sadavomere kulakwa, adalola kupereka chipepeso, ndipo zonse pamodzi ndi ndalama za maloya zidafika mapaundi 2.3 miliyoni. Adalonjezanso kuika amayi oyang'anira chitetezo cha amayi anzawo m'mindamo. Amenewa sadali amayi a masukulu akuluakulu. Chimene adali nacho n'chakuti adayankhula pamodzi, wina kuchitira mnzake umboni.

Chaka chomwecho cha 2021, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti amene adali mkulu wa wailesi ya MBC, wailesi ija ambiri timaimvera kuno kumalire, ankazunza amayi ogwira ntchito pansi pake. Kwathu kuno nakonso sikudayere. Mu Ogasiti 2020 dziko lonse la Mozambique lidamva za sukulu ya apolisi ya ku Matalane, m'chigawo cha Maputo, kumene atsikana ena ophunzira upolisi adapatsidwa mimba ndi alangizi awo. Ngati zikuchitika kwa ovala tayi ndi yunifolomu, nanga kumunda kumene kulibe woona?

Malamulo alipo, ndipo si a lero. Lamulo la Ntchito la 2007 lidanena kale kuti kuzunza wantchito motere ndi mlandu, kaya zachitikira pantchito pomwepo kaya kunja, ndi kuti wochita zimenezi akakhala mwini ntchito kapena womuimira, wolakwiridwayo alipidwe malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma kuchulukitsa ka 20. Lamulo latsopano, nambala 13/2023, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, lidaifotokoza nkhaniyi momveka bwino koposa. Buku la milandu la 2019 nalonso likuti wogwiritsa ntchito udindo wake pofuna kugona ndi munthu atha kukalowa m'ndende. Kwa inu opita kukagwira ntchito ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe, lamulo la ku Malawi la 2013 lidaika chilango cha K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende.

Tsono vuto lili pati? Ife tikuti vuto lalikulu lili pakhomo pathu. Mayi akaulula, funso loyamba la mwamuna wake limakhala lakuti: "Iwe unamuseka bwanji kuti akuzolowere?" Apongozi amati watichititsa manyazi. Anzake a pa ganyu, amene adaona zonse ndi maso awo, amaweramira pansi poopa kuti dzina lawo nalonso lifufutidwa. Nkhani ikafika kwa ankhoswe kapena kwa anyakwawa, imaweruzidwa ngati ya chigololo, ngati kuti awiriwo adagwirizana. Kapitawo amalipira mbuzi kapena mameticais pang'ono kwa mwamuna wa mayiyo, anthu n'kuwomba m'manja kuti mlandu watha. Lolemba lotsatira kapitawo yemwe uja ali pamunda, kope lili m'manja, pomwe mayiyo wakhala pakhomo wopanda ntchito, dzina lake litaipa m'mudzi monse. Mbuzi yapita kwa amene sadagwidwe thupi. Chimenechi ife sitingachitche chilungamo.

Mafumu athu, timakulemekezani, ndipo milandu ya malire a minda ndi ziweto zodya mmera wa eni mumaidziwa kuposa wina aliyense. Koma uwu musausunge pabwalo. Mutumize nthumwi yanu iperekeze mayiyo kuboma. Inunso abambo, mkazi wanu akakuuzani zotere, dziwani kuti wakukhulupirirani. Mukamukalipira, tsiku lina sadzakuuzaninso, ndipo wopindula ndi kapitawo. Alimi akuluakulu olemba aganyu, malipiro aziperekedwa masana, poyera, onse akuona, osati mmodzimmodzi kuseri kwa shedi dzuwa litalowa. Ndipo ngati ambiri mwa aganyu anu ndi amayi, chikuletsani n'chiyani kupereka kope kwa mayi?

Kwa inu amayi ndi atsikana, ndiponso anyamata, pakuti nawonso zimawagwera ngakhale amachita manyazi kunena: tsiku loyamba lomwe zayamba, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Sungani tsiku, malo ndi mayina a amene adalipo. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni. Uthenga wa pafoni musaufufute, ngakhale ukunyansa. Funsani mwakachetechete amayi ena a pantchitopo, chifukwa kawirikawiri munthu wotere sayambira pa inu.

Ngati mwagwiriridwa, musayambe n'kukambirana za chindapusa. Thamangirani kuchipatala cha ku Ulónguè kapena china chapafupi asanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito m'nthawi yokhayo. Kupolisi funsani ofesi yothandiza mabanja ndi ana ozunzidwa, imene amaitcha Gabinete de Atendimento. Wapolisi akakubwezani kuti mukakambirane kumudzi, pitani kwa Procurador wa boma lathu. Za malipiro odulidwa kapena kuchotsedwa ntchito zimapita ku Inspecção do Trabalho. Mtsikana akakhala wosakwana zaka 18, monga ambiri mwa ana ogwira ntchito m'nyumba za anthu, imbani nambala 116, ndi yaulere. Ndipo wopanda ndalama ya loya afunse a IPAJ, bungwe la boma loimira osauka pamilandu popanda malipiro. Popita kumeneko tengani chitupa chanu ngati muli nacho, pepala la kuchipatala, ndi mnzanu uja adaona.