Mlili ukatseka sukulu, mwana wolemala asaiwalike

Pa 20 March 2020 boma linatseka masukulu onse m'Zambia cifukwa ca COVID-19. Ana a Grade 7, 9 ndi 12 anabwelela pa 1 June, koma ena onse anakhala panyumba mpaka September. Mu 2024 kolela inacedwetsanso kutsegula masukulu kufikila pa 12 February. Palibe angatsutse kuti kutseka sukulu kumapulumutsa miyoyo. Koma amene amataya zambili ndi mwana wolemala.

Mu 2020 maphunzilo anali kupelekedwa pa wailesi ndi pa TV. Mwana wogontha samva wailesi, ndipo wakhungu saona zolembedwa pa TV. Wakhungu amawelenga Braille ndi zala, koma mabuku ndi aphunzitsi ake ali ku masukulu apadela monga ya Magwero pafupi ndi Chipata. Wogontha akafika ku komboni, kawilikawili amapeza kuti panyumba palibe wodziwa cinenelo ca manja. Miyezi 6 yopanda wokamba naye imamubweza m'mbuyo kwambili.

Thupi nalonso limavutika. Mwana wopuwala akaleka masewela owongola ziwalo, manja ndi miyendo zimauma. Wodwala khunyu akaleka mwadzidzidzi mankhwala monga phenobarbitone, kugwa kumabwelela, nthawi zina motsatizana, ndipo kungaphe.

Conco makolo asayembekeze mlili wina kuti ayambe kukonzeka. Apite kwa aphunzitsi lelo lino akaphunzile zizindikilo za manja zofunika: njala, ludzu, kuwawa, cimbudzi. Mwana wotsegula m'mimba amene sangathe kunena amataya madzi m'thupi akulu asanazindikile. Apemphe ku cipatala kuti awaonetse masewela ocitila pa mphasa panyumba, ndipo akatenge mankhwala a khunyu akale asanathe. Mwana wakhungu amayenda mopapasa zipupa ndi zitseko, motelo azisamba m'manja ndi sopo pafupipafupi. Aphunzitsi nawonso asatumize mwana wotele kunyumba cimanjamanja, opanda nchito yoti acite.

Masukulu akatsegulidwa, mwanayu abwelele tsiku loyamba pamodzi ndi anzake. Kuyambila 2022 maphunzilo m'masukulu a boma ndi aulele. Ndalama za basi zikacepa panyumba, asakhale iye woyamba kuuzidwa kuti atsale.