Bwana ayambe wafunsa asanalembe kalata ya chenjezo

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Opulumuka anaika maliro, kenako anabwerera kuntchito poti pakhomo pamafunika ufa. Mpaka lero, mvula ikangogunda pamalata, kalaliki wina cholembera chimamunjenjemera m'dzanja, mtima uli kwa ana kunyumba. Usiku tulo sabwera, m'mawa amafika mochedwa, mawerengero amasokonekera. Mabwana ambiri akaona zimenezi amathamangira kalata ya chenjezo, osadziwa kuti akulanga bala m'malo mwa ulesi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bwana wanzeru amamuitanira pambali munthuyo, chitseko chotseka, n'kumufunsa chamuchitikira.

Ena ati kumeneku n'kulekerera, ndipo aliyense azingonamizira mavuto ntchito n'kumagwera anzake. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka kwa mnzake amene amatsala mpaka usiku kumalizitsa za wina. Koma kumvetsa sikufafaniza cholakwa. Wotenga ndalama za kampani wabadi, ngakhale atakhala kuti ndi namfedwa. Chosintha ndi kakonzedwe kake: kumuuza mosabisa chimene chalakwika, kugwirizana tsiku loti zikhale zitasintha, mwina kumusinthira nthawi yoyambira ntchito kwa mwezi umodzi, zonse n'kulembedwa. Lamulo lathu la Employment Act la 2000, pandime 57, limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mwayi wofotokoza mbali yake. Choncho kufunsa ndi udindo, ndipo bwana wodumpha pamenepa amakayankha kukhoti la Industrial Relations Court.

Enanso ati bwana si dokotala. Ndi zoona, ndipo asayesere n'komwe. Asakakamize munthu kuulula zonse, komanso zimene wamva zisakhale nkhani ya pa tiyi. Gawo lake n'kuloza kumene kuli thandizo, monga ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena kuchipatala cha boma chapafupi. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti tikamakamba za kuyankhapo pa zolakwa timangoyang'ana ogwira ntchito wamba. Bwana wokalipira mayi wamasiye pamaso pa makasitomala nayenso akuvulaza munthu, ndipo bodi ya kampaniyo iyenera kumuitana afotokoze, monga momwe iye amaitanira mlonda wogona pa geti.