Amene amauzidwa nthawi yofika pantchito ndi wantchito

M'mawa uliwonse m'komboni ya Ng'ombe mumakumana ndi amayi ovala malaya a bungwe, chitupa pakhosi, kaundula m'khwapa, akuyenda khomo ndi khomo kufunafuna amene wasiya kumwa ma ARV kapena mwana amene sanabayidwe katemera. Nthawi yoyamba ntchito amachita kuuzidwa, dera amapatsidwa, ndipo akachedwetsa lipoti amadzudzulidwa. Koma papepala limene ambiri anasaina sanatchulidwe antchito. Ena analembedwa kuti ndi odzipereka, ena kuti ndi makonsalitanti, ndipo dzina limeneli ndi limene likuwadyera thukuta lawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mayi wina amalandira K4,000 pamwezi. Akanakhala wantchito, mu 2024 sakanadulidwa msonkho wa PAYE ngakhale ngwee imodzi, chifukwa malipiro osapitirira K5,100 analibe msonkho. Thumba la penshoni la NAPSA likanatenga K200 kwa iye, bungwe n'kuwonjezerapo K200 yake, ndipo ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA aliyense akanaponya 1 peresenti. Akangotchedwa konsalitanti, bungwe limadula 15 peresenti, yomwe ndi K600, kupita nayo ku ofesi ya msonkho ya ZRA, pomwe ku penshoni yake sikulowa kanthu. Ngati akufuna kuti ndalamayo ibwerere, ayenera kulimbana yekha ndi mafomu a msonkho. Ndiye kuti wosauka akulipira msonkho umene lamulo linamukhululukira, bungwe likusunga ndalama imene linayenera kumuikira.

Lamulo la Employment Code la 2019 limaletsa kusandutsa ntchito yokhazikika kukhala ganyu. Limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata 14, ndipo amene wamaliza kontilakiti yoposa chaka amayenera kulandira ndalama yothokoza yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake. Zonsezi zimathawa ndi mawu amodzi apapepala.

Mabungwe amati ndalama za opereka thandizo zimabwera za chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye sangalonjeze ntchito yamuyaya. N'zoona, koma palibe akuwapempha zimenezo: kontilakiti ya nthawi yoikika ilipo m'lamulo, ndipo imayendera limodzi ndi NAPSA. Amatinso akalemba onse ngati antchito, olembedwawo achepa. Komatu bajeti imene imakwanitsa galimoto ndi misonkhano ya m'mahotela singalephere K200 ya mayi woyenda pansi m'matope a dzinja. Odzipereka enieni alipo, monga amayi a mpingo okaona odwala pa nthawi yawo, ndipo palibe amawafunsa lipoti. Pamene boma la America linaimitsa thandizo mu Januwale 2025, amene analibe dzina la wantchito analibenso poyambira kufunsa malipiro osiyira ntchito.

Inu amene muli ndi chitupa cha bungwe, sungani kontilakiti yanu, mauthenga a abwana ndi umboni wa ndalama zimene mumalandira. Kafunseni ku NAPSA ngati dzina lanu lilipo, ndipo mukapeza kuti palibe, pitani nawo mapepalawo ku ofesi ya Labour.