Kubetcha pafoni kuli ndi nambala yake kuchipatala

Nthenda iliyonse yomwe madokotala amaidziwa ili ndi nambala yake m'buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lotchedwa ICD. Kolera ndi 1A00. Malungo oopsa aja a falciparum ndi 1F40. Nambala zimenezi ndi zomwe mayiko amawerengera kuti adziwe chomwe chikudwalitsa ndi kupha anthu, kenako n'kugawa ndalama, mankhwala ndi ogwira ntchito.

Buku latsopano, ICD-11, mayiko analivomereza mu May 2019 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, kulowa m'malo mwa ICD-10 yomwe inavomerezedwa kale mu 1990. Achinyamatafe tikuyenera kutchera khutu pa nambala ziwiri: 6C50, vuto la njuga, ndi 6C51, vuto la magemu apakompyuta ndi pafoni. Zonse ziwiri aziika m'gulu limodzi ndi uchidakwa komanso mankhwala ozunguza bongo. Njuga ya paintaneti inapatsidwanso nambala yakeyake, 6C50.1.

Musathamangire kunena kuti aliyense wobetcha mpira Loweruka ndi wodwala, ayi. Malangizo akunena za munthu yemwe walephera kudziletsa, waika kubetcha patsogolo pa sukulu, ntchito ndi banja, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposa. Tonse tikumudziwa wina wotere. Fizi inapita, mpamba wa geni unapita, foni ili pa pinyolo, koma akuti mawa abweza zonse.

Kwathu kuno munthu wotereyu timamutcha chitsiru, kapena timati amulodza. Akafika kuchipatala amangodandaula mutu ndi kusowa tulo, amapatsidwa panado, nkhani yathera pomwepo. Njuga siilembedwa paliponse. Ndiye pogawa ndalama zaumoyo, ndani angapemphe aphungu a uphungu wa maganizo pa vuto lomwe m'mabuku mulibe?

Ena akuti dziko lomwe panado amasowa m'zipatala lilibe nthawi ya manambala. Nkhawayo ndi yomveka, chifukwa kusintha kumafuna makompyuta, magetsi ndi maphunziro. Komabe mankhwala amasowanso chifukwa chogula mongoyerekeza, osadziwa bwino chomwe anthu akudwala.

Unduna wa Zaumoyo uphunzitse ma clinical officer ndi anamwino a m'ma health centre kufunsa za njuga monga amafunsira za mowa, ndi kulemba zomwe apeza kuti zifike mu DHIS2, momwe ziwerengero za zipatala zimasonkhanitsidwa. Makoleji a zaumoyo aike ICD-11 m'maphunziro awo. Ndipo inu amene kubetcha kwakulandani tulo, pitani kuchipatala mukanene mosabisa kuti vuto ndi njuga. Dokotala amalemba zomwe wamva.