Tikukangana chifukwa cha UPS

Zikomo Mayi,

Ndili pabanja zaka 6 ndipo tili ndi ana awiri. Kunyumba tili ndi kompyuta yomwe bambo amaisiya yoyaka usana ndi usiku, amati ndi seva. Mmenemo timasungamo zithunzi za ukwati wathu, za ana komanso kaundula wa okala yathu. Mwezi watha magetsi atazima mwadzidzidzi, mndandanda wa ngongole za makasitomala udakanika kutseguka mpaka lero. Tsopano bambowa akufuna kugula UPS yodula pomwe fizi ya ana sitidamalize. Ine ndikuti tigule yotchipa. Zafika poti tikugona motembenuzirana misana. Tithandizeni.

Mayi wodandaula,
Zomba

Mwana wanga,

Amuna anu akunena zoona kuti UPS ikufunika, nanunso simukulakwa kuteteza fizi ya ana. Chomwe chikukukanganitsani n'kusadziwa ntchito yeniyeni ya kabokosi kameneka. UPS si jenereta. Ntchito yake n'kugwirira magetsi kwa mphindi zingapo kuti kompyuta isunge zomwe imalemba ndi kuzima mwaulemu. Kuzima kodzidzimutsa ndi komwe kudaononga mndandanda wanu uja.

Tsono yambani ndi masamu, osati kusitolo. Pezani mawatsi omwe kompyutayo ndi rauta ya intaneti zimadya, muphatikize. Pabokosi la UPS amalemba nambala yaikulu ya VA, koma inu fufuzani ya mawatsi. UPS ya 650VA nthawi zambiri imanyamula mawatsi pafupifupi 360. Kompyuta wamba yapakhomo ikamagwira ntchito zopepuka sifika mawatsi 150, ndipo rauta imadya pafupifupi 10 okha. Apa mukuona kuti yaing'onoyo ikhoza kukwana, bola musaisenzetse katundu mpaka pakhosi.

Musaumire pa zinthu zitatu izi. Choyamba, ikhale ndi AVR, yomwe imawongola mphamvu ya magetsi ikatsika kapena kukwera. Kuno timagwiritsa ntchito mavolti 230, koma mudaonapo mababu akuyaka ngati koloboyi. Nthawi ngati imeneyo AVR ndiyo imathandiza. Chachiwiri, ikhale ndi polowetsa chingwe cha USB kuti izitha kuuza kompyuta kuzima yokha inu muli mtulo kapena kuokala. Popanda chimenechi, batire likatha seva idzagwabe ngati kale. Chachitatu, batire lake likhale losinthika. Zambiri zazing'ono zimakhala ndi batire la 12V 7Ah lomwe limatha pakapita zaka 3 mpaka 5, ndipo kutentha kumalifupikitsa moyo. Yakaunjika imaoneka yotchipa, koma kawirikawiri batire lake limakhala lotopa kale.

Mukagula, sungani lisiti ndipo muiyese tsiku lomwelo. Zimitsani soketi yakukhoma muone ngati kompyuta ikupitirira kuyaka.

Ngati cholinga cha bambo n'chakuti seva iziyaka maola onse omwe magetsi azima, monga zidavutira mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, imeneyo ndi nkhani ya inveta ndi sola. Idikire ana amalize kaye teremu.

Ngati namwino ndionjezepo mawu awiri. Osalumikizako ayironi, ketulo kapena firiji. Ikani UPS pamalo podutsa mpweya, pomwe mwana wokwawa sangafikire. Batire lakale lili ndi mtovu ndi asidi, choncho musaliponye kudzala komwe ana amasewera. Mtovu umaononga ubongo wa mwana.

Komanso UPS siteteza kwa mbava kapena moto. Zithunzi ndi kaundula uja muzikopera pa chipangizo china sabata iliyonse, n'kuchisunga kwina.

Madzulo ano khalani pansi awirinu ndi pepala ndi cholembera. Bambo awerengere mawatsi, inu muwerengere ndalama. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mayi wanu